Lisiti la pa 05/03 lomwe linakapezeka m'mwezi wa Meyi

Ndimatsogolera kagulu ka anthu atatu olemba mapulogalamu kuno ku Lilongwe. Mwa ntchito zimene tinkasamalira mu 2024 panali pulogalamu ya SACCO ina (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama), yomwe mamembala ake ambiri ndi amayi a geni m'misika ya Area 25, Kawale, Mchesi ndi Area 36. Ena amabweza ngongole kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo zimenezo zimalowa zokha. Koma ambiri amakonda kupereka ndalama pamanja kwa ofesala wa ngongole akafika pa benchi pawo. Ofesalayo amalemba lisiti la pepala, kenako amalowetsa malipirowo mu pulogalamu yathu pa foni, nthawi zina pomwepo, nthawi zina madzulo kapena mawa lake akapeza netiweki. N'chifukwa chake tsiku lolipira silinkadzilemba lokha. Ofesala ankalilemba ndi manja monga mmene tonse tinaphunzirira ku pulayimale: tsiku, mwezi, chaka.

M'mawa uliwonse seva, kompyuta yaikulu imene mafoni onse amatumizako malipiro, inkawerengera amene sanakwanitse kubweza pofika tsikulo, n'kuwaikira chindapusa, n'kuwatumizira SMS.

Mmene tinkatulutsira pulogalamu

Kale ndinkatulutsa version yatsopano ndekha pa laputopu yanga, ndipo magetsi akazima pakati pa ntchito ndinkakhala osadziwa kuti chafika pa seva ndi chiti. Tinasiya zimenezo n'kuyamba kugwiritsa ntchito GitHub Actions ndi semantic-release, zida zimene zimayesa ndi kutulutsa pulogalamu zokha. Munthu akamaliza ntchito yake, wina amaiona, kenako imaphatikizidwa ku nthambi yaikulu ya pulogalamu. Makina amayendetsa mayeso. Mayeso akadutsa, semantic-release imawerenga mawu oyamba a commit iliyonse (kusintha kumene munthu wasunga, pamodzi ndi mawu okufotokoza) n'kusankha nambala ya version, ya zigawo zitatu ngati 2.7.3, motsatira Semantic Versioning: feat (chinthu chatsopano) imakweza nambala yapakati, fix (kukonza) ndi perf (kufulumizitsa) zimakweza yomaliza, BREAKING CHANGE (kusintha kosagwirizana ndi zakale) imakweza yoyamba. Ikatero imalemba changelog, mndandanda wa zimene zasintha, ndipo ife tinalumikiza kuti pulogalamu ipite pa seva nthawi yomweyo, popanda munthu kukhudza.

Pa Lachisanu, 1 Marichi 2024, madzulo, mnzanga wamng'ono pa gulu lathu anabweretsa ntchito yabwino ndithu. Anachotsa Moment.js n'kuika Day.js. Onsewa ndi malaibulale, code yolembedwa kale ndi anthu ena, owerengera masiku. Zifukwa zake zinali zomveka: eni ake a Moment analengeza mu 2020 kuti sadzawonjezeranso zatsopano, ndipo Day.js ndi yaing'ono kwambiri, pafupifupi 2kB. Kwa ofesala wogula bandulo ndi ndalama ya m'thumba mwake, tsamba lopepuka ndi nkhani yaikulu. Commit yake inayamba ndi perf, ndipo sananame. Ndinaiwerenga ineyo. Mizere inkaoneka yofanana ndi yakale, mawu oti moment angosanduka dayjs. Mayeso onse anadutsa. Ndinavomereza, 2.7.3 inakhala 2.7.4, ndinakwera minibasi kupita kwathu.

Chizindikiro choyamba, chimene ndinachitaya

Loweruka m'mawa ofesala wa ku Area 25 anandiimbira. Anali ndi lisiti limodzi lotsalira la Lachinayi, 29/02/2024, ndipo pulogalamu inkalikana, ikungoti tsiku ndi lolakwika.

"Achimwene, kompyuta yanuyi sikudziwa kuti chaka chino Febuluwale ali ndi 29?"

Tinaseka. Ndinagwirizana naye msanga, chifukwa aliyense wa ntchito yathu anamvapo za mapulogalamu amene amapunthwa pa tsiku limeneli. Ndinalowetsa malipirowo ndekha mu database, momwe malipiro onse amasungidwa, ndinalemba pa kapepala kuti ndidzafufuze, ndipo kapepalako kanakhala pansi pa kapu ya tiyi mpaka nkhani itakula. Ndikanangomuuza kuti tayesani kulemba 28/02, tikanaona pomwepo kuti nalonso likukanidwa, ndipo nkhani yonse ikanathera pa foni imeneyo. Ndinalandira yankho loyamba lomwe linandifikira chifukwa linali lokoma kulifotokoza.

Mayi wa tomato

Pa Lachisanu lotsatira, 8 Marichi, mayi wina wogulitsa tomato ku Area 25 anafika pa ofesi ya SACCO atakwiya. Anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa lisiti lopindidwa kanayi la pa 05/03/2024, analiyala pa tebulo la a manijala pafupi ndi foni yake yomwe inali ndi SMS yoti sanabweze ndipo amuikira chindapusa. Kumbukirani nyengo yake: Marichi, chimanga chisanache, ndipo kwacha anali atagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chindapusa chimene munthu wa mu ofesi angachione chochepa, kwa mayiyu chinali phindu la beseni lonse.

A manijala anandiimbira kuti ndione. Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa uku kunaposa koyamba. Ndinatsegula lipoti la malipiro a Marichi, lomwelo limene iwo anali kuona pa kompyuta yawo, ndinafufuza nambala ya membalayo, sindinapeze kanthu. Ndinayankha kuti, "Bwana, ndalamayi sinalowe mu sisitimu."

Sindinanene kuti munthu waba. Koma mu SACCO, lisiti likakhalapo ndipo wa kompyuta wanena kuti ndalama sinalowe, palibenso china chimene anthu amaganiza. Pofika Lolemba madandaulo anali atachuluka, pafupifupi onse ochokera kwa mamembala a ofesala mmodzi yemweyo, amene anandiimbira za 29 Febuluwale uja. Iye anaumirira kuti analowetsa lisiti lililonse ndipo ndalama anazipereka kwa kashiya. Buku la kashiya linamuikira umboni pa chiwerengero chonse, koma a manijala anati ndalama za anthu ena zikhoza kubisa za ena. Anamulanda buku la malisiti n'kumuuza kuti ayambe wakhala kunyumba kufikira komiti itakumana.

Tsiku lomwelo mayi wowerengera ndalama za bungwe anandiuza chinthu china chimene sindinachilumikize ndi nkhaniyi: chiwerengero cha Febuluwale, mwezi womwe iwo anali atautseka kale, chinali chitakwera chokha.

Pa 13

Lachitatu, 13 Marichi, mafoni anayamba kulira nthawi ya chakudya chamasana isanakwane. Maofesala atatu mwa asanu amene anali pa ntchito sankatha kulowetsa lisiti ngakhale limodzi la tsikulo. Uthenga unali womwe uja: tsiku ndi lolakwika. Atangonditchulira 13/03, mutu unazizira. Miyezi ilipo 12. Pulogalamu yokana 13 ndi 29 koma n'kulandira 05 ndi 08 ndiye kuti ikuwerenga nambala yoyamba ngati mwezi.

Ndinasiya lipoti n'kulowa mu tebulo lenileni la malipiro, osasefa mwezi. Ndalama za mayi wa tomato zinali momwemo, zonse, pa dzina la ofesala yemwe anali kunyumba uja. Zinali m'mwezi wa Meyi.

Kupeza commit kunatenga mphindi zochepa. Changelog inaonetsa kuti kuyambira kumapeto kwa Febuluwale panatuluka version imodzi yokha, ndipo inali ndi chinthu chimodzi chokha.

Chimene chinachitika ndi ichi. Mu Moment, ukalemba moment(mawu, 'DD/MM/YYYY'), imatsatira ndondomeko imene waipatsa. Day.js imalandira mzere wooneka chimodzimodzi osadandaula, koma ngati sunayatse kachigawo kotchedwa customParseFormat, ndondomekoyo imangoinyalanyaza. Mawu aja imawapereka kwa Date, chowerengera masiku cha chiyankhulo cha JavaScript, ndipo Chrome, yomwe imatsegula tsamba pa foni, ikaona 05/03/2024 imawerenga mwa Chimereka, mwezi patsogolo: Meyi 3. Ikaona 13/03/2024 imabweza Invalid Date. Choncho kuyambira pa 2 mpaka pa 12 Marichi, tsiku lililonse linkalandiridwa mwaulemu n'kukaikidwa mwezi wina. La 04/03 linapita ku Epulo, la 12/03 ku Disembala. Malipiro onsewa anakhala a m'tsogolo, ndipo seva powerengera amene abweza pofika lero sinkawaona. La 02/03 linabwerera m'mbuyo, ku 3 Febuluwale, ndipo ndi limene linasokoneza mwezi wotsekedwa uja. La 03/03 lokha ndi limene likanalowa bwino, koma linali Lamulungu.

Nanga mayeso anadutsa bwanji? Ndinawatsegula ndipo manyazi anandigwira, poti ndinawalemba ndine zaka ziwiri m'mbuyomo. Tsiku loyesera linali 01/01/2022. Litembenuzeni mmene mungafunire, likhalabe lomwelo.

Funso lomaliza linali loti n'chifukwa chiyani vutoli linayambira kwa munthu mmodzi. Pulogalamu yathu imagwiritsa ntchito service worker, kapulogalamu kosunga tsamba mu foni, kuti izigwira ntchito popanda netiweki, ndipo service worker yatsopano imadikira kuti masamba onse akale atsekedwe isanayambe kulamulira. Maofesala ambiri satseka tsambalo, limakhala lotsegula sabata yonse. Ofesala wa ku Area 25 uja anali ndi foni ya batire lotha, yozima yokha usiku uliwonse. Iye ndiye analandira 2.7.4 Loweruka m'mawa, anzake anailandira mmodzimmodzi m'masiku otsatira, ndipo awiri anali adakali pa 2.7.3 mpaka pa 13. Munthu anaimitsidwa ntchito chifukwa cha batire.

Ndisanakhudze code iliyonse ndinapita ku ofesi ya SACCO pa kabaza, ndinaonetsa a manijala mzere wa mayi uja pa laputopu, ndinawauza kuti zimene ndinanena Lachisanu zinali zolakwika.

Kubwerera m'mbuyo kapena kukonza

Choyamba tinazimitsa ma SMS ndi chindapusa. Izi sizinafune kukambirana.

Pa pulogalamu yeniyeniyo panali njira ziwiri: kubwezeretsa 2.7.3, kapena kuyatsa customParseFormat n'kutulutsa 2.7.5. Ndinasankha yachiwiri. Zonse ziwiri zikanadutsa pa khomo lomwelo la service worker, choncho kubwerera sikukanafulumira kuposa kukonza. Kukonzako kunali mizere iwiri, kuphatikizapo kuuza Day.js kuti iziwerenga mokhwimitsa, osalandira chilichonse chosafanana ndi ndondomeko. Ndisanalembe mizereyo ndinayamba ndalemba mayeso a 05/03, 13/03 ndi 29/02, ndinawaona akulephera, kenako ndinakonza. Madzulo tinaimbira ofesala aliyense kuti atseke tsamba, atsegulenso, atiwerengere nambala ya version yomwe ili pansi.

Tinawonjezanso lamulo pa seva lomwe linayenera kukhalapo kuyambira pachiyambi: malipiro a tsiku lomwe lisanafike akanidwe. Ndalama imene ofesala waigwira m'manja singakhale ya mwezi wamawa. Lamulo limeneli likanatichenjeza pa lisiti loyamba la 04/03 kapena 05/03, ngakhale foni ikanatumiza zotani.

Kukonza zimene zinalowa kale

Apa ndi pamene tinakhalitsa. Sitinkasunga version ya pulogalamu pa malipiro alionse, choncho panalibe njira yachidule yodziwira ochokera ku 2.7.4. Tinali ndi nthawi imene seva inalandira mzere uliwonse. Malipiro amene tsiku lake linali patsogolo pa tsiku lolandiridwa anali osavuta kuwapeza. A 02/03 tinawapeza pofufuza olandiridwa mu Marichi koma olembedwa kuti ndi a kumayambiriro kwa Febuluwale.

Mnzanga analemba ka script, kapulogalamu kakafupi, kosinthanitsa tsiku ndi mwezi. Mwamwayi tinayamba takayesa pa kope la database. Lisiti la mayi wa tomato, m'malo mobwerera ku 5 Marichi, linakagwa pa 5 Febuluwale.

Tinayang'anitsitsa mzerewo. Mu database sunalembedwe kuti 3 Meyi. Unalembedwa 2024-05-02T22:00:00Z. Apa tinapeza vuto lachiwiri, lomwe silinabwere ndi Day.js, linalipo kuyambira tsiku loyamba la pulogalamuyi. Foni inkatenga tsiku, n'kulisandutsa pakati pa usiku wa nthawi ya kuno, n'kuitana toISOString, yomwe nthawi zonse imabweza nthawi ya UTC, yomwe dziko lonse lapansi limawerengerapo maola. Malawi ali maola awiri patsogolo pa UTC chaka chonse, choncho pakati pa usiku wa kuno ndi 22:00 ya dzulo lake ku UTC. Seva yathu inkayendera UTC, ndipo malipoti ankangodula gawo la tsiku. Malipiro onse apamanja ankaoneka ngati analowa tsiku limodzi m'mbuyo. Palibe membala anadandaulapo, poti ndani angadandaule kuti amuwerengera kuti analipira msanga? Nditawafunsa mayi owerengera ndalama aja, anangoti, "Iii, imeneyo timaidziwa, kompyuta yanu imathamangira tsiku." Kwa zaka ziwiri ankasuntha okha mu Excel malipiro a pa 1 omwe ankagwera m'mwezi wapitawo, ndipo sanaganizepo kuti ndi chinthu choti n'kutiuza. Ifenso sitinawafunsepo kuti malipoti athu amawachita chiyani akawalandira.

Script yachiwiri inayamba yasandutsa nthawi kukhala ya Africa/Blantyre, kenako n'kusinthanitsa. Kwa amene simunakumane nazo: mu mndandanda wa nthawi za m'madera mulibe Africa/Lilongwe, dzina la Malawi ndi Africa/Blantyre. Ngakhale script inatuluka bwino, sindinalole kuti ilembe mu database yeniyeni tisanayerekeze ndi mapepala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinasindikiza mndandanda wa tsiku lakale ndi tsiku latsopano, tinakhala pa tebulo ndi mabuku a malisiti, wina akuwerenga nambala ya lisiti, wina akuchonga. Zinatitengera masiku awiri. Panapezeka malisiti ochepa a Febuluwale weniweni amene analowetsedwa mochedwa ndi mafoni a 2.7.3, omwe script ikanawaononga. Ofesala woimitsidwa uja ndi amene anawazindikira, poti a manijala anamuitana kuti adzathandize, ndipo ankadziwa zolemba za anzake.

Mkangano wa makina otulutsira

Pa msonkhano wa komiti, a wapampando anafunsa funso loyenera: zitheka bwanji kuti chinthu chokhudza ndalama za anthu chisinthe Lachisanu usiku popanda wina wa bungwe kudziwa? Anafuna kuti kutulutsa kwa makina kuthe, tibwerere ku njira yakale.

Ndinavomera theka. Makinawo sanalakwitse chimene tinawatuma. Anaona perf, anakweza nambala yomaliza. Koma nambala yomaliza imauza munthu kuti palibe chasintha pa kagwiritsidwe ntchito, ndipo makina alibe njira yodziwira ngati zimenezo ndi zoona. Amakhulupirira mawu a wolemba commit ndi mayeso amene tinawapatsa. Ndikanatulutsa ndi manja Lachisanu lija, ndikanatulutsa chomwecho, ndipo pa 13 ndikanasowa changelog yondiuza pofufuza. Chimene ndinavomereza kuti chinali cholakwika ndi kulumikiza zinthu ziwiri zosiyana: kupereka nambala, ndi kufikitsa pulogalamu m'manja mwa maofesala. Tinazilekanitsa. Nambala ndi changelog zimatulukabe zokha, ndipo version yatsopano imapita kaye pa seva yoyesera. Kuti ifike kwa maofesala pamafunika munthu adine, ndipo sitidina Lachisanu, kapena m'masiku otseka ndi kutsegula mwezi. Mayeso tsopano amayenda kawiri, pa UTC ndi pa Africa/Blantyre, chifukwa makina a GitHub amayendera UTC ndipo vuto la maola awiri lija silingaoneke kumeneko. Ndiponso kusintha laibulale yokhudza masiku kapena ndalama sikudutsanso ngati kanthu kakang'ono, kaya commit yake yayamba ndi mawu ati.

Bokosi la tsiku

Tinathetsa kulemba tsiku ndi manambala okhaokha. Poyamba tinaganiza za input type="date", bokosi la tsiku lobwera kale ndi Chrome, yomwe imatumiza tsiku mu ndondomeko ya ISO 8601, chaka-mwezi-tsiku, mosasamala kanthu za mmene ikuonekera. Koma maonekedwe akewo amatsatira chiyankhulo cha foni, ndipo mafoni angapo a maofesala, makamaka ogulidwa akale, anali pa Chingerezi cha ku America. Tikanangosamutsa chisokonezocho kuchoka mu code kupita m'maso mwa munthu.

Tsopano fomu imabwera ndi tsiku la lero, ili ndi batani la dzulo, ndipo wofuna tsiku lina amasankha mwezi ndi dzina lake. Asanatumize amaona mzere wathunthu: Lachiwiri, 5 Marichi 2024. Mayina a miyezi ndi masiku tinawalemba tokha mu kafayilo kamodzi, kuti chooneka pa foni chisadalire mmene mwini foni anaichunira. Tinakangana pang'ono ngati tilembe Marichi kapena Malichi, Lamulungu kapena Lasabata, ndipo maofesala ndi amene anagamula. Polemba kafayiloko mnzanga anaona kuti getDay ya JavaScript, yomwe imapereka nambala ya tsiku la sabata, imapereka 2 pa Lachiwiri, 3 pa Lachitatu, mpaka 5 pa Lachisanu, ngati kuti anaipanga ndi Mchewa. Koma getMonth, ya nambala ya mwezi, imayambira pa 0, ndipo Marichi ndi 2. Pamenepo tinaikapo mayeso ake. Dzina la tsiku linathandiza kuposa mmene ndinkayembekezera. Ofesala sakumbukira kuti linali pa 5 kapena pa 6, koma amadziwa bwino kuti ku msika uja anapitako Lachiwiri.

Mu database yathu ya PostgreSQL tsiku lolipira tsopano ndi date, lopanda ola, lopanda dera. Nthawi imene seva yalandira mzere ndi timestamptz, yomwe imasunga ola lenileni mosamala dera. Mzere uliwonse umasunganso version ya pulogalamu imene yautumiza. Ndipo membala akadandaula, lamulo lathu pa gulu ndi loti wa kompyuta asayankhe kuchokera pa lipoti losefedwa. Atsegule malipiro onse a munthuyo, a miyezi yonse, asananene kuti ndalama palibe.

Zotsatira

Chindapusa chonse cholakwika chinafafanizidwa, ndipo amene anali atalipira kale anabwezeredwa. Bungwe linatumiza SMS yopepesa. Mayi wa tomato sanafune SMS. Anafuna kuti a manijala alembe ndi cholembera kuseri kwa lisiti lake kuti alibe mlandu, asayine, adinde. Anachita.

Ofesala uja anabwerera pa ntchito Lolemba lotsatira, malipiro ake osadulidwa. Ndinamupepesa pamaso pa anzake, poti mawu anga ndi amene anamutumiza kunyumba. Anayankha mwaulemu kuti zinatha. Koma ku msika mbiri inali itafika kale, ndipo amayi ena anayamba kukana kumupatsa ndalama pamanja, ankati adzapereka okha ku ofesi. Patapita miyezi ingapo anapempha kuti amusinthire dera, ndipo anamupatsa Kawale. Pano akalowetsa lisiti lililonse amajambula sikirini ya foni, ndipo zithunzizo sazifufuta mpaka mwezi utatsekedwa. Batire anagula latsopano.